Funso lomwe sindinachonge

Ku Ulongwe mwezi wa Juni kumazizira,
zala zimauma pa pensulo.
Kwatsala masabata atatu kuti ndikwere shapa
ya ku Moatize, kukalemba mayeso a ukalaliki,
ndipo a Gervasio, amene anasiya choko maso atayamba kuchita chifunga,
andibwereka mapepala ofotokopa,
inki yake yotuwa ngati phulusa la dzana.

Funso lililonse limayamba ndi munthu wodzikhulupirira.
Uyu akuti: alimi onse amene anagula mbewu kwa Dinisi
anakolola mbatatesi zodzaza ngolo,
choncho mbewu ya Dinisi ndiyo mbewu.
Pansi pake mizere isanu.
Ndi mzere uti ukufooketsa kwambiri ganizo limeneli?

Ine ndinkathamangira kukana.
Dinisi ngwabodza, ngolozo sizinadzaze.
A Gervasio ankagogoda tebulo ndi chikhadabo:
Ayi, Delfina, munthu usamutche wabodza.
Zimene waona zivomere zonse.
Mlatho suugwetsa pokana kuti pansi pali mtsinje.
Pakati pa zimene waona ndi zimene waganiza
pali thabwa limodzi losakhomera msomali.
Ponda pamenepo.

Ndinaponda.
Ogula kwa Dinisi onse minda yawo ili kudambo,
ndipo kudambo ngakhale mbewu yotola mumsewu imabereka.
Ganizo lija silinagwe, linangoyamba kutsimphina.
Basi, anatero iwo, zakwana.
Mayeso sakufuna maliro, akufuna kutsimphinako.

Tsopano yasanduka nthenda.
Pamsika, wa mankhwala a chimfine akufuula
kuti aliyense womwa amachira pofika Lachisanu,
ine mumtima: nanga osamwa, Lachisanu amakhala ali kuti?
Mlongo wanga Anastasio akuti timu yawo imawina
iye akavala malaya ofiira aja.
Ndinamukumbutsa tsiku lija anabwera kuchokera ku Domwe
atavala omwewo, osayankha ngakhale moni.
Lero ndi tsiku lachitatu sakundilankhula.

Dzulo magetsi atazima
amayi ankasankha nyemba palichero ndi tochi ya foni.
Ananena osadzutsa mutu,
ngati akuuza nyembazo:
Bambo ako anasiya njinga.
Mwamuna sasiya njinga yake ngati sabwerera.
Ndiye abwera.

Mizere isanu inadzilemba yokha pakhoma.

Woyamba: njingayo inaduka tcheni iwo asananyamuke.
Wachiwiri: ku migodi ya malasha
anthu amapita ku ntchito pa basi ya kampani.
Wachitatu: zaka zinayi.
Wachinayi: a Nangozo, popita ku chipatala chachikulu,
anawaona pamlatho wa ku Tete
atanyamula mwana paphewa,
mwana wa mphuno ngati yangayi.
Wachisanu sindinauwerenge n'komwe.
Wachisanu nthawi zambiri amangoikapo
kuti mzere ukwane.

Yankho ndikulidziwa.
A Gervasio akanandichongera ndi cholembera chawo chofiira
n'kundiuza kuti ku Moatize ndikadutsa.
Thabwa lija ndikuliona bwinobwino,
msomali palibe, ngakhale bowo lake,
ndipo amayi aima pomwepo zaka zinayi,
mtsinje ukudutsa pansi pawo,
iwo akusankha nyemba.

Pepala silinandifunsepo
kuti woima pa thabwalo ndani,
kapena akagwa agwera kuti.
Limangoti sankha mzere umodzi,
nthawi ndi mphindi ziwiri.

Ndinati, Inde mayi.
Mumdima womwewo ndinafufuza kansanza
ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera,
ndinapita kuseri kwa chitseko
kumene njinga imatsamira khoma.
Matayala anaphwa kalekale.
Ndinapukuta chishalo, ndinapukuta masipokosi,
belu linalira lokha nditaligunda ndi chigongono,
ndipo amayi anadzutsa mutu, kuyang'ana kukhomo.

M'mawa uno ndili pa funso la khumi ndi chisanu ndi chimodzi.
Wina akuti tauni ina inabzala mitengo ndipo umbava unachepa.
Ameneyu ndimupondera thabwa lake
popanda chisoni.